Wamva M'mimba Ndiye Atsekula Chitseko: Tiwafunse Eni Ake a Otizimu

Pa 2 Epulo chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira anthu okhala ndi otizimu, tsiku limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2007. Otizimu ndi chibadwa cha ubongo chimene chimakhudza kalankhulidwe, kachezedwe ndi mmene munthu amamvera phokoso, kuwala kapena kukhudzidwa.

Kwathu kuno ku Machinga ndi Balaka, mwana wotseka makutu pamsika wa Ulongwe, kapena wokana kuyankha moni, kawirikawiri timamutcha wamwano, mwinanso wolodzedwa. Zikatikulira timapita naye kwa sing'anga, kuchipatala cha boma ku Liwonde, ngakhalenso ku Zomba Mental. Timafunsa aliyense, kupatula mwini wakeyo.

Mbiri ikutichenjeza kuti nawonso akatswiri amaphonya. Dokotala Leo Kanner atalongosola otizimu mu 1943, ena monga Bruno Bettelheim anaphunzitsa kuti gwero lake ndi amayi osowa chikondi. Maganizowa anatsutsidwa, koma ataliza kale amayi ambiri osalakwa. Mu 1986 mayi Temple Grandin a ku America, amene ali ndi otizimu, analemba kuti phokoso lina limawapweteka m'makutu. Buku lotsogolera madokotala a maganizo m'dzikolo linadzaika zimenezi momveka pakati pa zizindikiro zoyezera otizimu mu 2013, patapita zaka 27. Mu 2012 Damian Milton wa ku Britain, nayenso wa otizimu, anafotokoza kuti kusamvana kumachokera mbali zonse ziwiri: iwo amavutika kutimvetsa, nafenso timalephera kuwamvetsa.

Sitikunyoza madokotala ayi. Ndi iwo amene amayeza, ndiponso amapereka mankhwala a khunyu limene ana ena a otizimu amadwala. Koma dokotala amaona mwana kwa mphindi zowerengeka, pamene mwini wake amakhala m'thupilo usana ndi usiku.

Mu 2009 dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe likuti eni ake, ngakhale ana, azifunsidwa pa zowakhudza. Pangano limeneli liyambire pakhomo, m'kalasi ndi kumphakati. Makolo, aphunzitsi ndi makatekisiti, mwana akathawa ng'oma kapena chimkuzamawu, tisathamangire mkwapulo. Timufunse chikumupweteka n'chiyani, tidikire yankho modekha. Wosalankhula amayankha ndi manja, chithunzi kapena kuthawa kumeneko. Yankho limenelo tikapite nalo kwa dokotala, pakuti ndi pomwe thandizo lenileni limayambira.