Mwana wa Zaka Zinai Alembedwe m'Bajeti ya Feira

Pa 29 Okutobala 2021, pamene Nduna ya za Cuma, a Situmbeko Musokotwane, anawerenga bajeti m'Nyumba ya Malamulo, thumba la citukuko la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense. Mu 2025 linafika pa K36.1 miliyoni. Popeza ndalamazi zinagawidwa mofanana, dera la Feira m'boma la Luangwa, kumene kalembera wa 2022 anapeza anthu osafika 40,000, linalandira cimodzimodzi ndi Kanyama wa mu Lusaka. Pa ici Boma liyenera kuyamikidwa.

Komatu powerenga magawo a thumbali, munthu apezamo nchito za citukuko, thandizo la amai ndi acinyamata, ndiponso malipiro a ana a sekondale zogonera komweko ndi ophunzira maluso. Mwana wa zaka zinai sachulidwa dzina. Iye sabwera ku msonkhano wa komiti ya wadi kudzaimika dzanja, ndipo cimene sicinapemphedwe pa msonkhanowo sicilowa m'buku la Khonsolo.

Odziwa midzi ya Mfumu Mphuka ndi Mfumu Yaikulu Mburuma adziwa za vutoli. Mai alawirira ku dimba m'mbali mwa mtsinje, kapena kukadula bango la mphasa, kapena kukagulitsa nsomba pa mlatho wa Luangwa. Kamwana katsala ndi ndani? Kawirikawiri katsala ndi mkulu wake wamkazi, amene aleka sukulu tsiku limenelo kuti akhale mlezi. Maphunziro aulere amene anayamba mu Januwale 2022 samfika mtsikana wotere, ngakhale dzina lake lili m'kaundula wa aphunzitsi. Nako kamwanako sikangatumidwe ku nazale ya kutali, m'dziko lotentha cotere, m'njira imene njobvu zidutsamo m'mamawa.

Cifukwa cace makomiti a mawadi aike kalasi la ana aang'ono pafupi ndi midzi, pamodzi ndi mjigo ndi cimbudzi cace, pa mutu peni-peni pa zopempha zao, lisakhale cotsalira pambuyo pa misika ndi milatho.

Koma njerwa sizilera mwana. Malipiro a mphunzitsi ndi phala la m'mawa zifunika mwezi ndi mwezi, ndipo malo ace ndi m'bajeti ya Unduna wa Maphunziro. Cilala ca 2024, cimene Mtsogoleri wa Dziko, a Hakainde Hichilema, anacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale caka comweco, cinaonetsa kuti phala lodalira nkhokwe za makolo limatha pa nthawi imene lifunika koposa. Akulu a maphunziro m'boma la Luangwa awerenge ana osafika zaka 7 wadi ndi wadi, ndipo atumize ciwerengeroco ku Lusaka bajeti isanalembedwe.