Luso labwera, nanga makina ali kuti?

M'chaka cha 2013, pa msonkhano wa ku Yokohama, boma la Japan lidalonjeza kuphunzitsa achinyamata 1,000 a mu Africa m'zaka zisanu: maphunziro a ukachenjede, kenaka kuzolowera ntchito m'makampani a kumeneko, zonse pa ndalama za bomalo. Nalo dziko la India lakhala likuphunzitsa alendo kuyambira 1964. Amalawi apitako, ndipo kuthokoza n'koyenera.

Komatu abale, opereka sabisa kuti nawonso amapindula, pakuti wophunzirayo akabwerera amatsegulira njira makampani awo. Palibe cholakwa pamenepo. Chotidandaulitsa chili kwathu kuno. Mwayi wa ku Japan umafuna digiri, motero mnyamata wowotcherera zitsulo m'mbali mwa msewu wa M1 pa Mtengowanthenga amangoumvera pawailesi. Amene wapitayo akabwerako amapeza magetsi akuzimazima, chiwongoladzanja kubanki chili chokwera, ndipo luso lake limakathera pa tebulo la muofesi ku Lilongwe. Soya ndi mtedza wa ku Dowa ndi Ntchisi zikutulukabe m'midzi zili m'matumba, osayengedwa mafuta.

Boma lisanasainire munthu ulendo, liyambe ladziwa fakitale imene adzagwiremo, ndi amisiri angati a ku Mponela amene adzawaphunzitse akabwera.