Kodi Sola Imabweza Ndalama Zake?

Masiku ano tikamayenda m'midzi ndi m'matauni tikuona mapanelo a sola atasanjikidwa pamadenga, ngakhale pa nyumba zofolera udzu. Ambiri a ife tikufunsana: kodi ndalama zogulira zipangizozi zimabwerera, kapena tingotsata zimene achita anansi? Funsoli ndi loyenera, pakuti ndalama yomweyo ikuyembekezedwanso ndi feteleza, fizi ya ana ndi mankhwala.

Chimene chautsa chidwichi tikuchidziwa. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga malo a ku Kapichira, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi adali kuzimazima. Kumudzi nako, nyumba zambiri waya wa ESCOM sunazifikire. Komabe mdima wokha usatithamangitsire kusitolo tisanawerengere.

Tiyeni titenge kope, ndipo kwa mwezi wathunthu tilembe zonse zimene timalipira pa makandulo, parafini, mabatire a tochi ndi a wailesi, ndiponso potchajitsa foni pamsika. Tiyerekeze kuti zakwana K15,000. Pachaka ndiye K180,000. Ngati sola yoyatsa mababu angapo, wailesi ndi foni ikugulidwa pa K360,000, idzabweza ndalama zake pa zaka 2. Banja lililonse liike manambala akeake m'malo mwa awa, ndipo yankho lidzaoneka lokha.

Koma walira mvula walira matope. Panelo yabwino imatha zaka 20 kapena kuposerapo, pamene batire wamba imafooka patangopita zaka zowerengeka, makamaka tikamaigwiritsa ntchito mpaka moto kutheratu. Tsono mtengo wa batire yatsopano uyenera kulowa m'masamu athu kuyambira tsiku loyamba. Tikumbukirenso kuti katunduyu amachokera kunja. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zinthu zakunja idakwera. Banja lanzeru lidzasunga kangachepe mwezi uliwonse kuyembekeza tsiku limene batire idzafe.

Tisadzinamizenso pa ntchito imene sola yaing'ono ingagwire. Siingaphike nsima kapena kutenthetsa simbi. Ndalama za makala ndi nkhuni zidzatulukabe. Amene ali kale ndi magetsi m'tauni adziwe kuti sola yawo idzachedwa kubweza, pakuti chimene akupulumutsa ndi mayunitsi ochepa chabe, ndipo phindu lawo lalikulu ndi kuwala pamene ena ali mumdima. Imabweza msanga kwa mnyamata amene akumeta anthu kapena kutchaja mafoni a anzake pamtengo, chifukwa kwa iye dzuwa lasanduka mpamba.

Ogulitsa ena amalola kulipira pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Njirayi yathandiza ambiri, koma tiyambe taphatikiza malipiro onse ndi kuwayerekeza ndi mtengo wogulira kamodzi, pakuti kawirikawiri angongole amaposa. Tifunsenso chimene chimachitika mwezi umene talephera kulipira, popeza zipangizo zambiri zotere zimazimitsidwa. Safunsa adadya phula. Tisachoke m'sitolo opanda lisiti ndi kalata ya chitsimikizo.

Chisamaliro nacho ndi ndalama. Kuno kwathu panelo iyang'ane kumpoto, patali ndi mthunzi wa mango, ndipo m'chilimwe fumbi lizipukutidwa ndi nsalu yofewa. Masiku a mitambo ndi chiperoni moto umachepa. Pamenepo tiyatse zofunika zokha.

Ife amene timaphunzitsa timamzindikira mwana amene adawerenga usiku pa kuwala kokwanira, makamaka mayeso a Sitandade 8 akayandikira. Phindu limeneli silingalembedwe m'kope la ndalama, koma lisatiiwalitse kuwerengera. Mwezi uno bambo, mayi ndi ana akhale pansi, alembe zimene amalipira pa kuunika, ndipo asagule kanthu mpaka manambalawo atawauza zoona.