Usiku umodzi ku Joni: mwabwerera mbale kapena lipenga?

Ambiri mwa ife timafika mu mzinda waukulu ngati katundu wotumizidwa. Timachoka pa bwalo la ndege kulowa m'basi, kuchoka m'basi kulowa m'holo ya msonkhano, ndipo pakatha masiku anayi tabwerera kwathu ndi chikwama chodzaza mapepala. Akatifunsa kumudzi kuti Joni ndi wotani, timangofotokoza za makapeti a mu hotela. Komatu pa ulendo uliwonse pamatsala usiku umodzi wopanda ndondomeko, msonkhano utatsekedwa koma ndege ili ya mawa. Usiku umenewo ine ndimafuna zinthu ziwiri pa malo amodzi: chakudya chotentha, ndi anthu oimba jazi ndi manja awo pamaso panga.

Ulendo woyamba ndidalakwitsa. Ndidaona chikwangwani pa khomo la malo ena odyera kumpoto kwa Johannesburg, cholonjeza jazi ndi chakudya chamadzulo, ndipo ndidalowa osafunsa munthu. Oimba adalipodi, anyamata atatu, koma adawakankhira pa kona pafupi ndi khomo la kukhitchini, moti woperekera zakudya aliyense podutsa ankachita kuzemba khosi la gitala. Pa tebulo loyandikana ndi langa padali phwando la tsiku lobadwa, ndipo phokoso lake lidameza piyano yonse. Nyimbo ikatha padalibe woomba m'manja, pakuti padalibe wodziwa kuti yatha. Nyama idali yokoma ndithu, koma bilu idadya alawansi ya masiku awiri, ndipo pobwerera ku hotela sindidatenge nyimbo ngakhale imodzi m'mutu. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Kuyambira pamenepo ndidadziwa kuti malo otere ali mitundu iwiri, ngakhale zikwangwani zake zimalembedwa mofanana. Pali malo amene amagulitsa chakudya n'kulemba oimba kuti akhale ngati maluwa a pa tebulo. Palinso malo amene adatsegulidwa chifukwa cha nyimbo, ndipo khitchini idabwera kudzathandiza kulipira lendi. Kuwasiyanitsa n'kosavuta. Funsani kuti lero akuimba ndani. Akakuyankhani kuti "pali bandi", dziwani kuti mukupita kukadya. Akakutchulirani dzina la woimba, nthawi yoyambira ndi mtengo wa pakhomo, mwapeza malo a nyimbo. Mtengo wa pakhomowo usakukhumudwitseni. Kumene nyimbo zili zaulere, kawirikawiri woimba ndi amene akulipira ndi thukuta lake, ndipo anthu nawo samvera chimene sadachilipirire.

Sindikunyoza mbale ayi. Mu mzinda umenewu chakudya ndi jazi zidakulira m'bwalo limodzi. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, m'mabwalo othithikana a ku Doornfontein, amayi ankafulula mowa, kuphika nyama ndi nsima, n'kulemba munthu woimba limba lopopa ndi mapazi kuti akope makasitomala. Olowa ankalipira pakhomo, ndipo phwando linkatha kuyamba Lachisanu n'kufika Lamulungu usiku. Ambiri mwa maphwandowa ankayenda mosinthana pakati pa amayi a gulu limodzi, mwa dongosolo lotchedwa stokvel, limene ife tingalifanizire ndi chipereganyu. Nyimbo zimene zidabadwira m'menemo zidatchedwa marabi, ndipo ndizo muzu wa jazi ya ku South Africa. Tsono munthu akamadya uku akumvera lipenga, akutsata mwambo wakale. Vuto limangobwera pamene foloko yayamba kulamula lipenga.

Chovuta chenicheni kwa mlendo n'chakuti malo a nyimbo sakhalitsa. Mukapita ku Newtown masana, mudzaona Market Theatre, nyumba ya zisudzo imene idatsegulidwa mu 1976 m'chinyumba chomwe kale chidali msika wa zipatso. Pafupi pake pali kanyumba kamene kadali Kippies, kalabu ya jazi yomwe idatchuka kwambiri kufikira pamene idatsekedwa mu 2005. Idatenga dzina la Kippie Moeketsi, katswiri wa sakisofoni amene adaimba m'gulu la Jazz Epistles limodzi ndi Hugh Masekela, Jonas Gwangwa ndi Dollar Brand, yemwe pambuyo pake adatchedwa Abdullah Ibrahim. Moeketsi adamwalira mu 1983 ali wosauka. Mu 2009 adamuikira chiboliboli chamkuwa panja pa kalabuyo: wakhala pa mpando, ndipo pambali pake pali mpando wina wopanda munthu. Alendo amakhalapo n'kujambulitsa. Ine ndikauona mpandowo ndimaganiza za omvera amene adachedwa kufika.

Kutsidya kwa njanji, ku Braamfontein, kudali The Orbit, imene idatsegulidwa mu 2014. Malo amenewa adali ndi zonse zimene ndikufotokoza pano, chakudya chabwino ndi oimba odziwika masiku ambiri pa sabata, koma mu 2019 adatseka zitseko. Chaka chotsatira mliri wa Covid-19 udaimitsa zoimbaimba kwa miyezi yambiri, ndipo malo ena sadadzukenso. N'chifukwa chake buku la alendo la zaka zisanu zapitazo, kapena mndandanda wakale wa pa intaneti, ungakufikitseni pa chitseko chokhomedwa, usiku, mu mzinda umene simuudziwa. Sinditchula malo akutiakuti kuti mupiteko, chifukwa pofika mwezi umene mudzanyamuke mwina adzakhala atasamuka.

Njira imene yandithandiza ndi kutsata oimba m'malo motsata nyumba. Nyumba zimatsekedwa, koma oimba amapezabe poimbira, ndipo ambiri amalengeza okha pa Facebook kapena Instagram kumene akaimbe sabata imeneyo. Musananyamuke kwanu, funani maina monga Thandi Ntuli woimba piyano, Mandla Mlangeni ndi Marcus Wyatt oimba malipenga, kapena Herbie Tsoaeli woimba bezi. Ngakhale iwo asakuimba pa tsiku lanu, mudzaona maina a malo amene amakonda kuimbako, ndipo malo amenewo ndiwo ofunika kuwaimbira foni. Onaninso ndondomeko ya Market Theatre, ya Soweto Theatre ku Jabulani, yomwe idatsegulidwa mu 2012, ndi ya yunivesite ya Wits, kumene ophunzira ndi aphunzitsi a nyimbo amaimba pa mtengo wotsika. M'nyumba za zisudzozi simudyera pa mpando, koma mutha kudya pafupi nthawi isanakwane. Amene ulendo wawo wagwera kumapeto kwa Seputembala akumbukire chikondwerero cha Joy of Jazz ku Sandton, ngakhale matikiti ake amalemera pa thumba la munthu wa alawansi.

Musaiwale pakamwa. M'mahotela ndi m'malo odyera a ku Joni mwadzaza abale athu ochokera ku Malawi ndi ku Zimbabwe, ndipo moni wa chinenero chakwathu amatsegula nkhani. Funsani bwino: osati kumene kuli nyimbo, koma kumene oimba amapita akamaliza ntchito. Ngati muli ndi tsiku la Lamulungu, funsaninso za magulu okonda jazi a m'matauni monga Soweto ndi Mamelodi, amene amasonkhana masana, atatchena, kumvera malekodi ndi kudyera limodzi. Kumeneko si kongolowa. Mumapita ndi munthu wodziwika.

Mukapeza malo, imbani foni tsiku lomwelo kutsimikiza, sungitsani tebulo, ndipo funsani mafunso awiri amene ambiri amachita nawo manyazi: kodi mtengo wa pakhomo ndi wapadera ndi wa chakudya, nanga pali ndalama imene munthu aliyense ayenera kugulira zinthu akakhala pa tebulo? Fikani ola limodzi nyimbo zisanayambe, mudye modekha, kuti pamene woimba ng'oma akuwerenga zoyambira mbale zikhale zitachotsedwa. Kawirikawiri oimba amaimba zigawo ziwiri ndi kupumula pakati. Tiyi ndi nkhani zidikire nthawi yopumulayo. Pa bilu onjezerani gawo limodzi mwa magawo 10 la woperekera zakudya, monga mwa chizolowezi cha kumeneko. Ngati mwatsala ndi kangachepe ndipo oimba akugulitsa chimbale pakhomo, gulani kwa iwo, chifukwa ndalama imeneyo imalowa m'thumba mwawo osadutsa m'manja ambiri.

Za kabwereredwe konzani musanadye. Sitima ya Gautrain ndi yabwino masana koma siyenda usiku wonse, ndipo jazi imatha mochedwa. Mlatho wa Nelson Mandela, wolumikiza Braamfontein ndi Newtown, umaoneka waufupi, koma si woyendapo wapansi usiku ndi foni m'manja. Itanitsani galimoto ya Uber kapena Bolt muli m'kati, mudikire pakhomo pali mlonda, ndipo pitani awiri kapena atatu kuti mugawane mtengo. Pasipoti yanu ikhale pabwino.

Mnzanga wina, mlangizi wa zaulimi, adandikanira ulendo wotere ponena kuti jazi ndi nyimbo za anthu ophunzira, zopanda mutu. Ndidamuuza kuti mutu ulipo, ndipo umabwera poyamba. Gulu lonse limaimba kanyimbo kafupi, kenaka aliyense payekha amakatenga n'kupita nako kumene akufuna, anzake akumugwirira pansi, mpaka onse adzakumanenso pa kanyimbo komweko. Woimba akamaliza gawo lake anthu amaomba m'manja ngakhale nyimbo isanathe. Aliyense amene adaonapo woimba ng'oma yaikulu akuyankhana ndi mapazi a wovina pa bwalo la kwathu akudziwa kale zimenezi.

Ndiponso khutu la ku Malawi si lachilendo m'nyimbozi. Abale athu amene ankapita ku migodi ndi Wenela ankabwera ndi malekodi ndi zitoliro, ndipo kwela ya m'misewu ya Joni idakapeza kwawo kwachiwiri ku Chileka m'manja mwa Daniel ndi Donald Kachamba. Mawu akuti jazi adafika mpaka ku magulu a banjo ndi ng'oma zopanga okha, monga Chimvu River Jazz Band ya Alan Namoko. Nyimbo ya Masekela yotchedwa Stimela, ya mu 1974, imanena za sitima imene inkanyamula amuna kuchokera ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi kwina kupita ku migodi ya golide. Patapita zaka zoposa 30, amene adakonza chimbale chake cha Phola adali Erik Paliani, woimba gitala wa ku Malawi. Njirayo anthu adaiyenda mbali zonse ziwiri.

Mlangizi uja adavomera monyinyirika. Mnyamata wina wakwathu wogwira ntchito pa hotela yathu adatilozera kachipinda kena kapansi, kotsikira masitepe, kokwana anthu osapitirira makumi asanu. Mipando yonse idayang'ana kutsogolo. Chakudya chidali nsima yawo yolimba, nthumbwana ndi chakalaka, ndipo mayi wogulitsa adatichenjeza kuti oimba akayamba iye amasiya kuyendetsa mbale. Adatero ndithu. Pa nyimbo yachitatu woimba lipenga adatsitsa mawu mpaka tinkamva mpweya wake, ndipo m'chipinda monse mudalibe supuni yolira. Kenaka gitala idalowa ndi kayendedwe kodumphadumpha kamene mnzangayo adakazindikira ine ndisanatero. Adandigwira pa mkono nati, "Achimwene, izi si za ku Chileka izi?" Woyendetsa galimoto amene tidamuitanitsa adatiimbira kawiri, ndipo tidamulipira ya kudikira kuti timalize gawo lachiwiri.