DZIWANI IZI: KAPENTA NDI USIPA SI PACIBALE

Pamsika, kapenta wouma ndi usipa wouma amaoneka ngati ana a mimba imodzi, koma akatswiri a za nsomba amati awiriwa si pacibale.

Akatswiriwa amagawa nsomba za mafupa m'mafuko akuluakulu, monga momwe anthu amadziwikira ndi ziwongo zao. Kapenta ali m'fuko lochedwa Clupeiformes, la mitundu pafupifupi 400, ndipo yambiri mwa iyo imakhala m'nyanja za mcere. Cizindikiro ca fukoli ndi mamba akuthwa ondandalika kunsi kwa mimba ngati mano a sowo. Usipa wa m'Nyanja ya Malawi alibe mamba otere. Fuko lake ndi Cypriniformes, limodzi ndi matemba a m'madambo.

Kapenta kwao ndi ku Nyanja ya Tanganyika, kumene kuli mitundu iwiri: Limnothrissa miodon ndi Stolothrissa tanganicae. Nsombazi zimayenda m'magulu pakati pa nyanja, nizidya tizilombo tating'onoting'ono toyandama m'madzi.

Kudziwa khalidwe limeneli kunapindulitsa dziko. Nyanja ya Kariba itadzaza, nsomba za mumtsinje wa Zambezi zinakonda kukhala m'mbali, ndipo pakati pa nyanja panatsala popanda zodya tizilombo tija. Conco m'zaka za 1967 ndi 1968 akatswiri ananyamula ana a Limnothrissa kucokera ku Tanganyika nakawathira mu Kariba. Anaswana kwambiri, ndipo ena anatsika ndi Zambezi mpaka ku Cahora Bassa.

Lero mabanja ambiri a kumidzi amadyera nsima kapenta wa ku Kariba yemweyo.