MWANA APITA KU KOLEJI: TIGULE CHIANI?



Chaka ndi chaka mabanja ena pakati pathu alandira mthenga wokoma wakuti ana ao asankhidwa kupita ku koleji, ena ku Zomba, ena ku Bunda, ena ku Mzuzu, ena ku sukulu za uphunzitsi monga ya ku Kasungu. Tonse tikondwera nao. Koma chimwemwe chisanathe, mwana atulutsa pepala la zinthu zogula, ndipo makolo, poopa kuchititsa mwana manyazi, ayamba kugulitsa za pakhomo.

Ndarama imeneyi ichokera m'nkhokwe ndi m'khola la mbuzi. Kuyambira mu November 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, katundu wochokera kunja, monga mafoni ndi makompyuta, wakwera mtengo koopsa. Thumba la chimanga limene tigulitsa mu June kuti mwana anyamule foni yonyezimira, tidzalilira mu February ang'ono ache atagona ndi njala. Chifukwa chache tinena kuti chinthu chiri chonse cha pa pepalapo chiyambe chayankha funso ili: kodi chidzagwira nchito tsiku ndi tsiku pa maphunziro kapena pa moyo wa mwanayu?

Choyamba ndicho pogona ndi chakudya. Masiku ano ophunzira ambiri a m'makoleji a boma adzigulira okha chakudya, ndipo ambiri sapeza malo m'nyumba za sukulu. Achita lendi kunja, monga ku Chikanda ku Zomba. Tsono ndarama ya lendi ipatulidwe kale, pamodzi ndi mpoto, mbale ndi ndowa. Ufa, nyemba ndi mtedza tiri nazo konkuno. Kuzigula m'tauni ndiko kutaya ndarama. Bulangete likhale lolimba, pakuti ku Mzuzu ndi ku Zomba kuzizira kwambiri mu June ndi July, ndipo neti ya udzudzu isatsale. Mwana wanjala kapena wamalungo salemba mayeso bwino.

Chachiwiri ndizo zipangizo za maphunziro. Foni yofika pa intaneti ifunikadi, popeza zidziwitso ndi zolemba za m'kalasi zambiri ziyenda pa WhatsApp; koma yotsika mtengo ichita nchito yomweyo. Kompyuta ndi yofunika kuyambira pachiyambi kwa wophunzira za uinjiniya kapena za makompyuta. Enawo ayambe akhala masabata angapo, afunse anzao amene anawatsogolera, ndipo pamenepo agule. Yogwirapo kale nchito iribe choipa, malinga wodziwa aiyese batire ndarama isanaperekedwe. Mabuku akulu-akulu ayambe awafuna ku laibulale.

Nanga masuti, nsapato mapeyala atatu, sutikesi yamatayala ndi zokuzira mau za nyimbo? Izi iai. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Palibe mphunzitsi apereka malikisi poona nsapato.

Inunso ana athu mumve. Ndarama ya ku bungwe la ngongole za ophunzira, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, si mphatso ai. Ndi ngongole, ndipo mudzaibweza mukadzatsiriza maphunziro. Musaidye ngati ya ukwati. Ndipo inu makolo, musalowe katapila kapena kugulitsa munda chifukwa cha zinthu za pa pepala. Maphunziro a digiri atenga zaka zinai kapena kuposa. Wogulitsa zonse chaka choyamba adzalipira ndi chiani chaka chachitatu?

Pa msonkhano wathu ukudzawu tipempha makolo amene ana ao anatsiriza koleji kuti adzaimirire ndi kutiuza zimene zinathandiza ndi zimene anangotayirapo ndarama. Amene muli ndi mapepala a zogula, mudze nao, tidzawerengere pamodzi.

Mlembi wa Nthambi