Foni Sitembenuza Wodwala

Pali mawu amene afala pa timabenchi ta Airtel Money ndi Mpamba ku Mchesi kuno, ndipo amandinyansa: "Agogo ndawasamala kale." Munthu watumiza ya sopo ndi shuga ku Mitundu kapena ku Nkhoma, foni yalira, basi mtima wakhala pansi. Ndalama ndi yofunika, inde, koma tisanamizane: foni siphika phala, sitembenuza wodwala pamphasa, siperekeza nkhalamba kuchimbudzi usiku.

Makolo athu sankatiposa chifundo ayi. Anali ndi dongosolo. Kwa Achewa a chikamwini, mwana wamkazi sankachoka pamudzi pa amayi ake, mwamuna ndiye ankabwera kudzamanga. Motero mayi akamakalamba ankazingidwa ndi ana ake aakazi, ndipo adzukulu ankagona kukuka kwa agogo, kuwatungira madzi ndi kuwasonkhera moto, iwo n'kumawadyetsa nthano ndi mwambo. Khasu likawakanika, mbumba inkafulula mowa wa dima, anthu n'kudzawalimira. Matenda akakula, mwini mbumba ndiye ankasonkhanitsa abale, kunena wodwazika ndi wopita kwa sing'anga. Palibe ankazemba, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Dongosololi linapirira ngakhale Wenela itakokera amuna kumigodi ya ku Joni, chifukwa akazi ankatsala. Linagwedezeka akazinso atayamba kusamukira m'tauni, kenaka Edzi n'kudzatembenuza zonse: agogo oyenera kudwazikidwa ndiwo ankadwazika ana awo ndi kulera amasiye.

Wina anena kuti ndikukometsa zakale, pakuti mudzi womwewo ndi umene unkatcha nkhalamba mfiti. N'zoona, ndipo lamulo la 1911 loletsa kunenera munthu ufiti silinapulumutse okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu 2016. Koma taonani amene amalozedwa chala: kawirikawiri ndi gogo wotsala yekha, wopanda mbumba yomuikira kumbuyo. Winanso anena kuti boma lilipo, Mtukula Pakhomo ulipo chiyambire ku Mchinji mu 2006. Nawonso ndi ndalama basi, ulibe manja. Pitani ku Kamuzu Central kapena chipatala chilichonse cha boma mukaone: wosambitsa wodwala ndi kumudyetsa ndi gadiyani, mchemwali kapena mwana wamkazi wogona pansi pachitenje, amene wasiya munda wake wosapalira. Ife a m'tauni timangofunsa ngati ndalama ija yafika, gadiyaniyo sitimufunsa n'komwe kuti chaka chino adzadya chiyani.